Imbiza si tiyi: ndi m'bale wake wa mbiya

Abale ndi alongo olankhula Chichewa ndi Chinyanja, a ku Kasungu ndi ku Katete, a ku Angónia ndi ku Metangula, ndi inu nonse amene mukusaka moyo kuno ku Joni, ndabwera ndi mlandu. Woimbidwa mlanduwu ndi chizolowezi chimene chamera mizu pakamwa pathu, chotcha madzi alionse a zitsamba kuti tiyi. Chizolowezichi chagwira ngakhale liwu lachilendo limene ambiri timakumana nalo tikangowoloka Limpopo, liwu lakuti "imbiza". Mufunseni Mmalawi wa ku Pretoria tanthauzo lake, adzakuyankhani mosaphethira kuti ndi tiyi wa zitsamba woyeretsa magazi. Yankho limeneli n'lolakwa pawiri. Imbiza si tiyi, ndipo m'liwumo mulibe magazi ngakhale dontho limodzi. Imbiza ndi mphika, m'bale weniweni wa liwu lathu lakuti mbiya. Ndikufuna kusonyeza kuti zili choncho, kenaka ndinene chifukwa chake nkhani yooneka ngati ya akatswiri a zinenero okhaokha ikukhudza chiwindi, impso ndi chiberekero cha anthu athu.

Tiyambe ndi chinthu chenichenicho. M'Chizulu, imbiza ndi mphika waukulu, makamaka wadothi, wophikira kapena wofululira mowa. Liwu lomweli limatchulanso mankhwala amene sing'anga amapanga powiritsa mizu ndi makungwa m'madzi kwa nthawi yaitali, n'kusefa madziwo kuti munthu azimwa. Masiku ano madziwo amathiridwa m'mabotolo. Mudzawapeza pa msika wa Faraday ku Johannesburg, pa Warwick Junction ku Durban, ku Marabastad kuno ku Pretoria, ndiponso m'malo okwerera mateksi. Anzathu amene amagwira ntchito za m'minda ya maluwa ndi za m'nyumba kuno ku Queenswood akatsikira m'tauni Loweruka, ena amabwerako ndi botolo la madzi akuda m'chikwama. Kwa Asotho ndi Atswana mphika ndi "pitsa", kwa Apedi ndi "pitša", ndipo ku Lesotho pitsa ndi dzinanso la mankhwala owiritsa amene amayi oyembekezera amamwetsedwa. Mitundu yoyandikanayi inachita chinthu chimodzi, kutcha mankhwala dzina la chiwiya chimene amaphikidwamo. Ifenso timatero tikamati "mphika wawira", pamene chimene chawira ndi madzi a m'kati mwake.

Pali nthano zitatu za chiyambi cha liwuli zimene zimayenda pakamwa, ndipo zonse n'zoyenera kugwetsedwa. Yoyamba imati imbiza inachokera ku mneni wa Chizulu wakuti "ukubiza", kutanthauza kuitana, ati chifukwa mankhwalawa amaitana nthenda kuti ituluke m'thupi. Wogulitsa amaikonda nthano imeneyi, ndipo amakondwera kwambiri akamva kuti m'Chisotho namonso kuitana ndi "bitsa", liwu lofanana ndi pitsa. Koma akuluakulu anati ukayendera nzengo usamati asakhwi afumbula. Mphika wa mowa umatchedwa imbiza nawonso, ndipo chimene umaitana ndi anthu a ludzu, osati nthenda. Chinanso n'chakuti ife Achewa tilibe mneni wakuti kubiza, timati kuitana, koma mbiya tili nayo. Mwana sangapezeke m'mudzi umene makolo ake sanapondemo.

Nthano yachiwiri ndi yanzeru pang'ono. Imati imbiza inachokera ku "ukubila", mneni wa Chizulu wofanana ndi kuwira kwathu. Oinena amakumbutsa kuti m'Chizulu l amasanduka z nthawi zina, monga "ukuvela", kuonekera, ndi "ukuveza", kuonetsa. Mphika ndi wowiritsira, choncho nkhani yatha, iwo amatero. Tsoka lake n'lakuti nthanoyi imagwira ntchito m'Chizulu mokha. M'chinenero chathu r wa kuwira sasanduka y. Liwuli likanachokera ku kuwira, bwenzi tikuti "mbira", ndipo tonse tikudziwa kuti mbira ndi kanyama, palibe amene anafululirapo mowa m'menemo. Chotsirizitsa nthanoyi ndi Chiyao, m'mene mphika ndi "chiŵiga". G ameneyo sachokera ku l kapena r wa kuwira.

Nthano yachitatu ndiyo imene imakoma kwa anthu okonda mbiri yakale. Imati mbiya ndi liwu limene Angoni anabwera nalo. N'zoona kuti a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, ndipo Angoni a kwa Maseko anadzakhazikika ku Ntcheu ndi ku Angónia, a kwa Mpezeni ku Chipata, a kwa M'mbelwa ku Mzimba. N'zoonanso kuti anatisiyira mawu, monga nduna ndi lobola. Koma taonani mmene mawu obwereka amakhalira. Tikamati inkosikazi, z uja amakhala pamalo pake, pakuti lilime la Mchewa silivutika naye: timati mbuzi, mwezi, mkazi. Tikanabwereka imbiza kwa Angoni, lero bwenzi tikuti "mbiza". Palibe chimene chikanatichititsa kusintha z kukhala y. Komanso Ashona ali ndi "mbiya", kambale kadothi ka ndiwo, Atumbuka ali ndi "viŵiya", Ayao ali ndi chiŵiga chawo chija. Liwu lofalikira chotere, ndipo lovala malaya osiyana m'chinenero chilichonse, ndi la cholowa. Mbiya ndi imbiza ndi ana a agogo amodzi, palibe amene anabwereka kwa mnzake.

Umboni wa ubalewu uli m'kamwa mwa aliyense wa ife. Ikani mawu awa pafupi ndi pafupi: Azulu amati ukubona, ife kuwona, ukubola, kuwola, ukubumba, kuwumba, ukubila, kuwira, ababili, awiri. Pamene Mzulu ali ndi b, Mchewa ali ndi w wofewa uja amene mabuku akale ankalemba ŵ, ndipo abale ambiri a ku Zambia amamulembabe. Tsono tengani liwu limene mayi aliyense amalitchula tsiku ndi tsiku potuma mwana kukatsuka: ziwiya. Chotsani mphatikiram'mbuyo zi- kapena chi-, chitsale ndi tsinde lakuti -wiya. Chichewa chili ndi lamulo lakuti tsinde likalandira n kapena m kutsogolo, lembo lake loyamba limalimba. Kulima kumabala ndime, kutuma kumabala nthumwi, kupatsa kumabala mphatso, kuwala kumabala mbaliwali. M'liwu lomalizali lamuloli likuoneka poyera, chifukwa tsinde lanenedwa kawiri, koyamba lolimba, kachiwiri lofewa. Chimodzimodzinso -wiya likalandira m limakhala mbiya. Chiwiya ndi mbiya ndi liwu limodzi lovala zipewa ziwiri.

Watsala g wa Chiyao. Nayenso ali ndi njira yake yodziwika. Ayao amati "kogopa", Aswahili amati "kuogopa", ife timati kuopa. G wa pakati pa mawu, amene ena anamusunga, kwa ife anasungunuka. Ndiye -ŵiga wa Chiyao ndi -wiya wathu zikugwirizana mwa lamulo, osati mwa ngozi. Malcolm Guthrie, m'mabuku ake anayi a Comparative Bantu amene anatuluka pakati pa 1967 ndi 1971, anayerekeza mawu a zinenero zambiri za Chibantu, ndipo tsinde lakale la mphika limene akatswiri a ntchito imeneyi amaligwiritsa ndi -biga. Kuchokera pamenepo panatuluka mbiya, chiŵiga, imbiza ndi pitsa. Liwu limene wogulitsa wa ku Marabastad amalitchula ngati chinsinsi cha mizimu ndi liwu limene agogo athu aakazi ankatchula akamaumba dothi kuseri kwa nyumba.

Chomvetsa chisoni n'chakuti m'bale wathuyu sitinamuzindikire chifukwa mbiya yeniyeniyo yayamba kusowa pakamwa pa ana a m'tauni. Mwana wa ku Ndirande kapena ku Chawama amadziwa poto, sefuliya, ndowa ndi chigubu. Mbiya amangoimva kutchalitchi akamawerenga za woumba mbiya wa m'buku la Yeremiya, kapena akamanyoza chidakwa kuti ndi mbiyang'ambe. Nkhali, mtsuko ndi phale zikutsata njira yomweyo. Munthu amene sadziwa mbiya sangamve mbiya m'kati mwa imbiza, ndipo amavomera tanthauzo lililonse limene wapatsidwa.

Wina afunsa kuti: nanga zili ndi kanthu kanji? Munthu akumwa, akuchira kapena sakuchira, dzina lichita chiyani? Ndiyankha kuti maina a mankhwala ali m'magulu atatu, ndipo gulu lililonse limaphunzitsa womwa kaganizidwe kake. Gulu loyamba limanena kumene mankhwala achokera. "Umuthi" wa Chizulu ndi mtengo komanso mankhwala. "Mtela" wa Chiyao, umene ukumveka kwambiri m'Chinyanja cha kummwera kwa Malawi, ndi mtengo komanso mankhwala. Ifenso tikamati zitsamba kapena mizu tili m'gulu lomweli. Gulu lachiwiri limanena kapangidwe kake, ndipo imbiza ndi pitsa zili m'menemu. Gulu lachitatu limalonjeza zimene mankhwalawo adzachite. Magulu awiri oyambawo amasiya khomo lotsegula kuti munthu afunse: mtengo wanji? mwawiritsa nthawi yaitali bwanji? ndimwe wochuluka bwanji? Gulu lachitatu limatseka khomolo, pakuti yankho laperekedwa kale m'dzina. Tikamamasulira imbiza kuti "woyeretsa magazi", tikuchotsa liwu m'gulu lachiwiri n'kuliponya m'gulu lachitatu. Tikulembera wogulitsa chikwangwani chaulere.

Maina olonjeza tawadziwa bwino, ndipo mbiri yawo siyabwino. M'zaka za m'ma 1930 anyamata ankayenda m'midzi ya Nyasaland ndi Northern Rhodesia atanyamula magalasi ndi mabotolo a mankhwala otchedwa mchape, ochapa ufiti m'mudzi. Audrey Richards analemba za iwo mu 1935 atawaona pakati pa Abemba. Mu 1995 dzina lomweli linadzukanso pamene Billy Goodson Chisupe wa m'boma la Machinga ananena kuti waonetsedwa kutulo mtengo wochiza Edzi. Anthu zikwizikwi anakhamukira kumeneko kukamwa madzi a makungwa, ena akuwatcha mchape, ena madzi a moyo. Edzi sinachapike. Kuno ku South Africa kuli chomera chotchedwa "impila", dzina lotanthauza moyo wathanzi, chimene asayansi amachitcha Callilepis laureola. M'zaka za m'ma 1970 madokotala a ku Durban analemba za anthu ambiri, ochuluka mwa iwo ana, amene anamwalira chiwindi ndi impso zitawonongeka atamwetsedwa kapena kupopedwa muzu wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzina lakuti mphika silinanamizepo munthu. Limangonena kuti china chake chinaphikidwa.

Tsono ndifike pa tiyi, amene ndiye mutu wa mlanduwu. Tiyi ndi dzina la chomera chimodzi, chija chimene chakuta mapiri a Thyolo ndi Mulanje. Liwuli linachokera ku "te" wa anthu a m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Fujian ku China, linadzera kwa Adatchi ndi Angerezi, n'kutipeza ife. Abale a ku Tete ndi ku Niassa analandira m'bale wake "chá" kudzera kwa Apwitikizi. Koma chimene chili chofunika ndi ulemu umene liwuli lili nawo m'nyumba zathu. Tiyi alibe mlingo. Amamwedwa m'mawa ndi madzulo, kapu imodzi kapena zitatu, ndi shuga ndi chigumu. Amapatsidwa kwa mlendo osamufunsa ngati ali ndi nthenda ya impso. Amapatsidwa kwa mwana wa zaka ziwiri ndi kwa mayi wa pakati. Palibe amene anafunsapo ngati tiyi amagwirizana ndi ma ARV kapena ndi mapiritsi a kuthamanga kwa magazi. Mukatcha madzi a makungwa owiritsa maola awiri kuti tiyi, mwawaveka ufulu wonsewu. Mwachotsa mantha oyenera amene liwu lakuti mankhwala limabwera nawo. Sizinali zangozi kuti mu April 2020, pamene pulezidenti Andry Rajoelina wa ku Madagascar ankalengeza Covid-Organics, chinthucho chinaperekedwa ngati chakumwa cha m'botolo ndi tiyi wa zitsamba, n'kumwetsedwa ngakhale kwa ana a sukulu.

Ndiponso tiyi ndi imbiza zimasiyana m'kapangidwe. Tiyi timathira madzi otentha pa masamba, n'kudikira pang'ono. Imbiza imakhala pamoto mpaka madzi ataphwera, mphamvu ya mizu yolimba itatuluka yonse n'kukhuthala. Amene akuti kusiyanaku n'kwachabe afunse mayi aliyense amene anaphikapo kalongonda. Nyemba zimenezi amaziwiritsa, n'kutaya madzi, n'kuwiritsanso, n'kutayanso, pakuti madzi oyambawo amaledzeretsa ndi kudwalitsa. Madzi amene mayiyo amataya kudzala ndiwo imbiza ya kalongonda. Afunsenso anthu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota chifukwa chake chinangwa chowawa amachiviika masiku angapo asanapange ufa wa kondowole. Makolo athu ankadziwa kuti madzi amatulutsa zimene zili m'chomera, ndi kuti madzi ozizira, madzi otentha ndi madzi owira amatulutsa mosiyana.

Nzeru yomweyi ndiyo inapatsa dziko lonse mankhwala a malungo amene tikumwa lero. Tu Youyou wa ku China ankayesa chitsamba cha Artemisia annua, koma zotsatira zake zinkangosinthasintha. Atabwerera ku buku la Ge Hong, sing'anga wa zaka za m'ma 300, anaona kuti mkuluyo sankawiritsa chitsambacho. Ankachinyika m'madzi ndi kuchifinya. Tu anazindikira kuti moto unkawononga mphamvu yake, anasintha njira n'kuyamba kutulutsa mphamvuyo pa kutentha kochepa, ndipo mu 1971 zinatheka. Mu 2015 analandira mphoto ya Nobel. LA amene zipatala za ku Malawi zakhala zikupereka kuyambira 2007 ali ndi mankhwala ochokera ku ntchito imeneyo. Mneni mmodzi, kunyika m'malo mwa kuwiritsa, anasungidwa molondola m'buku kwa zaka zoposa 1,600. Mlembi wina akanafupikitsa n'kungolemba kuti "tiyi wa malungo", njirayo ikanatayika.

Ndikudziwa mayankho amene akubwera, ndipo ndiwalandira limodzi ndi limodzi. Loyamba lidzati ndikunyoza mankhwala a makolo. Ayi ndithu. Kombe, amene alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka ku mivi, anadabwitsa John Kirk pa ulendo wa Livingstone, ndipo Thomas Fraser wa ku Edinburgh atamufufuza anatulutsamo mankhwala a mtima. Jessie Williamson anasindikiza Useful Plants of Nyasaland mu 1955, Brian Morris anasindikiza Chewa Medical Botany mu 1996, ndipo onse awiri anadalira zimene anthu a m'midzi anawauza. Kuno ku Pretoria, kampani ya mabuku ya Briza inatulutsa Medicinal Plants of South Africa mu 1997, buku la Ben-Erik van Wyk, Bosch van Oudtshoorn ndi Nigel Gericke, ndipo nyumba yaikulu yosungira zomera zouma za dziko lino ili m'munda wa Pretoria National Botanical Garden, ulendo waufupi kuchokera ku Queenswood. Anthu ophunzirawa akamalemba za chomera amanena mbali imene imagwiritsidwa ntchito ndi kakonzedwe kake. Sing'anga weniweni wa kwathu amachita chimodzimodzi: amakuuza kuti muwawani uwu uwiritse, uwu ungonyika, umwe kangati, usadye chiyani. Amene akunyoza makolo ndi uja amene wasakaniza zonsezi n'kuzitcha tiyi. Chinthu champhamvu chimapatsidwa ulemu poopedwa.

Yankho lachiwiri lidzati chinenero chimasintha, anthu alekeni alankhule mmene afunira. N'zoona kuti chimasintha, ndipo nkhani yonse ya -biga, mbiya ndi imbiza ndi umboni wake. Sindikulimbana ndi munthu wonena kuti tiyi wa mandimu kapena tiyi wa chidede, pakuti zimenezo zimamwedwadi ngati tiyi. Koma pali mawu ena amene kusintha kwake kumalipiridwa ndi thupi la munthu. Azamba a m'zipatala za ku Malawi akhala akudandaula za mwanamphepo, mankhwala amene amayi ena amamwa kuti matenda a uchembere ayambe msanga, chifukwa amatha kukoka chiberekero mopitirira muyeso mpaka kung'ambika. Mayi wotere akafika kuchipatala, namwino amafunsa ngati wamwa mankhwala alionse. Ngati m'mutu mwake chimene wamwacho ndi tiyi, adzayankha kuti ayi, ndipo sadzakhala akunama. Mlongo wathu wa kuno ku Joni amene wapatsidwa imbiza kapena "isihlambezo", mankhwala a Azulu a amayi apakati, adzayankha chimodzimodzi pa kiliniki ya ku Tshwane. Namwino adzalemba kuti sanamwe kanthu. Pamenepo ndi pamene liwu lotayirira limasanduka ngozi.

Yankho lachitatu lidzachokera kwa anzanga okonda chinenero mopyola. Iwo adzati: popeza imbiza ndi mbiya ndi pachibale, tiyeni tiyambe kutcha mankhwala owiritsa kuti mbiya. Apanso ndikukana. Ubale wa mawu sutanthauza kuti ntchito yawo ndi imodzi. Kwa Ashona mbiya ndi kambale ka ndiwo, kwa ife ndi chimphika cha mowa, kwa Azulu ndi mphika komanso mankhwala. Mukapita ku Dedza n'kunena kuti mukufuna mbiya ya m'mimba, adzakusekani, kapena adzakulozerani kumene kwaphikidwa masese. Ndiponso ife mankhwala timawiritsira mumphika kapena m'phale, osati m'mbiya. Kudziwa chiyambi cha liwu kumatithandiza kumva zimene mnansi wathu akunena. Sikutipatsa chilolezo chopeka tanthauzo limene anthu athu sanaligwiritsepo ntchito.

Yankho lachinayi ndi lija lotopetsa lakuti Chichewa n'chosauka, tingotenga liwu la Chingerezi. Tiyeni tiliyang'ane liwu la Chingerezilo. "Decoction" linachokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kuphika. "Infusion" linachokera ku mneni wotanthauza kuthira. Madokotala akale a ku England analinso ndi liwu lakuti "apozem", lochokera ku Chigiriki, lotanthauza chowiritsidwa, ndipo lero Mngerezi wamba salidziwa n'komwe. Mawu onsewa ndi a kukhitchini, angovala jekete ya Chilatini ndi Chigiriki. Mzungu anati chophika, Mzulu anati mphika. Ife tili ndi aneni okwanira bwino lomwe: kuwiritsa, kufutsa, kunyika, kuviika, kusinja, kutibula, kufinya, kusefa, kukazinga, kuotcha, kufukiza. Tili ndi chidulo, madzi odontha kuchokera m'phulusa la zomera. Chinenero chimene chimasiyanitsa kufutsa ndi kuwiritsa sichingatchedwe chosauka pa nkhani ya mphika ndi moto. Chosauka ndi chizolowezi chathu chosiya mawu khumi n'kugwira limodzi lobwereka.

Choncho pempho langa n'losavuta. Pomasulira imbiza kapena pitsa, tilembe kuti mankhwala owiritsa, kapena mtela wowiritsa kwa amene mtela ndi liwu la kwawo. Oviikidwa m'madzi ozizira tiwatche mankhwala onyika. Ofinyidwa ku masamba aawisi tiwatche ofinya, a nthunzi tiwatche ofukiza. Liwu lakuti mankhwala lisachoke, chifukwa ndilo limakumbutsa munthu za mlingo, ndiponso ndilo limene namwino amafunsa. Mawu olonjeza, monga oyeretsa magazi ndi ochapa m'mimba, tiziwalemba ngati zonena za wogulitsa, osati ngati tanthauzo la liwu. Amene mumamasulira timapepala ta zaumoyo, amene mumalankhula pa wailesi ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Tete, amene mumaperekeza abale kuchipatala kuno ku Joni kukawamasulira, udindo umenewu uli m'manja mwanu kuposa wina aliyense.

Kwa inu amene mudakali ndi agogo m'midzi, ntchito ilipo. David Clement Scott anasonkhanitsa mawu a Chimang'anja n'kuwasindikiza mu 1892, Alexander Hetherwick anakonzanso bukulo n'kutuluka mu 1929, ndipo a Centre for Language Studies ku Zomba anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Koma chinenero chimene chimalankhulidwa kuchokera ku Luangwa mpaka kutsidya la nyanja ku Niassa n'chachikulu kuposa buku lililonse. Kafunseni anamwino akumudzi ndi asing'anga achikulire mmene amatchulira madzi a mizu yowiritsa kwanuko. Mukabwera nalo liwulo, mubwere ndi dera limene limanenedwa, chiganizo chimene mwalimvamo, ndi kapangidwe ka chinthucho. Musabwere ndi nthano ya chiyambi chake imene mwaipeka panjira chifukwa mawu awiri amveka mofanana. Tidzaliyesa monga tayesera imbiza, poliika pafupi ndi Chiyao, Chitumbuka, Chisena, Chinsenga ndi Chishona, kuti malamulo a kamvekedwe aweruze okha.

Ndipo kwa m'bale amene wagula kale botolo lake, mawu anga ndi awa. Dzina limene lalembedwa pamenepo likungotanthauza mphika. Musanamwe, funsani funso limene mwana aliyense wa Chichewa amafunsa akaona mphika uli pamoto: muli chiyani m'menemo? Wogulitsa akakana kuyankha, kumbukirani kuti safunsa anadya phula.